Pulojekita imodzi, laputopu imodzi, ophunzira 90: mmene mungaphunzitsire nazo ku sekondale

Funso limodzi lakhala likubwera mobwerezabwereza kuchokera kwa aphunzitsi a ku sekondale, makamaka a m'ma CDSS: "Sukulu yathu yalandira pulojekita ndi laputopu, koma zangokhala m'kabati mu ofesi ya ahedi. Tiyambire pati?" Ena amafunsa atayesapo kale. Anaonetsa vidiyo, ana anaombera m'manja, koma mayeso atabwera malikisi ali pomwe analiri. Yankho lonse ndalilemba pano kuti aliyense wofunsa ndizingomulozera.

Ndikunena za sukulu ngati zathu zambiri: kalasi ya ophunzira 70 mpaka 100, desiki imodzi anthu atatu, magetsi a ESCOM ozimazima kapena sola, intaneti yochokera pa bandulo ya mphunzitsi mwini. Magawo anayi oyamba ndi a kukonzekera ndi zipangizo, ndipo mukawakonza kamodzi mwathana nawo. Lachisanu ndiye pagona nkhani, ndipo ndi lomwe malangizo ambiri amalidumpha.

1. Yambirani pa sikimu, osati pa chipangizo

Tsegulani sikimu yanu ya temu ino ndipo chongani mitu itatu kapena inayi yokha imene choko chimalephera kuionetsa bwino. Mitu yotere imadziwika: chinthu choyenda kapena chosintha, chinthu chaching'ono kwambiri kapena chachikulu kwambiri, ndiponso choyesera chimene zipangizo zake ku labotale kulibe kapena ndi choopsa. Ku Biology ndi monga kayendedwe ka magazi mu mtima ndi kagawikidwe ka selo. Ku Geography ndi kuzungulira kwa dziko ndi mmene kumabweretsera nyengo. Ku Masamu ndi mmene girafu ya y = ax² + bx + c imapindikira mukasintha a. Ku Physics ndi mafunde ndi kayendedwe ka magetsi m'mawaya.

Cholakwa choyamba cha ambiri ndi kutaipa notsi zonse ndi kuzionetsa pa khoma kuti ana akopere. Pamenepo mwangosandutsa pulojekita kukhala bolodi lodya magetsi. Choipirapo n'chakuti pa bolodi mumalemba pa liwiro limene mwana angalitsatire, pamene pa silaidi tsamba lonse limagwa nthawi imodzi, inu n'kupita kutsogolo a kumbuyo ali pa mzere wachitatu. Notsi zisiyireni bolodi ndi mabuku.

2. Werengetsani magetsi musanalonjeze kalikonse

Ngati muli pa ESCOM, musalumikize pulojekita kukhoma mwachindunji. Ikani kaye chotetezera chija ambiri amagulira filiji kapena TV, chimene chimadikira pang'ono magetsi akabwerera chisanawalole kudutsa. Zipangizo zambiri zimapsa pa nthawi imene magetsi akubwerera, osati pozima. Mukakwanitsa, onjezani UPS, kabokosi ka batire kamene kamapereka magetsi kwa kanthawi akazima. Siyingakuphunzitsireni piriyodi yonse, ntchito yake ndi kukupatsani mphindi zochepa zoti muzimitse pulojekita bwinobwino. Nyengo ya mvula, kukayamba ziphaliwali, zulani mapulagi onse.

Ngati muli pa sola, masamu ake ndi awa. Onani kapepala kamene kamamatidwa kunsi kapena kumbuyo kwa chipangizo chilichonse, mupeze nambala yotsatana ndi W, amene ndi mawati. Pulojekita ya babu, monga zambiri za Epson kapena BenQ za m'masukulu, imadya pakati pa 250 W ndi 300 W. Laputopu ndi pafupifupi 45 W mpaka 65 W. Zonse pamodzi tinene 330 W.

Tsopano batire. Lolembedwa 12 V 100 Ah limasunga 12 kuchulukitsa 100, amene ndi 1,200 Wh, ndiko kuti mawati 1,200 kwa ola limodzi. Koma batire la mtovu, lamadzi kapena la jelo, musalimwe kupitirira theka ngati mukufuna likukhalitseni, ndiye muli ndi 600 Wh. Inveta, kabokosi kosandutsa 12 V ya batire kukhala 230 V ya m'masoketi, imatayanso ena monga kutentha, mutsale ndi pafupifupi 500 Wh. Gawani 500 ndi 330: ola limodzi ndi theka. Amenewo ndi mapiriyodi awiri a mphindi 40 pa tsiku, osati tsiku lonse. Batire lomwelo likamatchajanso mafoni a sitafu yonse ndi kuyatsa mababu a sitade usiku, ngakhale awiriwo sakwana. Kuti mubwezere zimene mwamwa tsiku lililonse pamafunika panelo ya 200 W kapena kuposerapo, ndipo masiku a mitambo ndi chiperoni musayembekezere kuti lidzadza. Batire la lithium limalola kumwa 80 pa 100 iliyonse, koma mtengo wake ndi wina.

Inveta ikhale yolembedwa pure sine wave. Zotsika mtengo zolembedwa modified sine wave zimatulutsa magetsi okhakhala amene amaliritsa masipika ndi kutenthetsa matchaja. Mphamvu yake ikhale yosachepera 600 W, ndipo mawaya ochokera ku batire akhale okhuthala ndi aafupi. Inveta ikamalira pamene batire langodzadza kumene, nthawi zambiri vuto ndi mawaya oonda kapena materemino a dzimbiri.

3. Konzani chipinda chimodzi, ndipo kakhaleni kumbuyo

Musamazungulire ndi pulojekita m'makalasi onse. Sankhani chipinda chimodzi chokhoma bwino, chokhala ndi soketi yabwino, makalasi azibwera kumeneko. Pakani khoma penti yoyera yosanyezimira, malo okwana mamita awiri m'lifupi ndi mita imodzi ndi theka kutalika, pambali pa bolodi. Musaphimbe bolodi, mulifuna nthawi yomweyo. Penti yamafuta imabweza kuwala ngati galasi ndipo okhala m'mbali saona kanthu. Chithunzi chiyambire pamwamba pa mitu ya okhala kutsogolo.

Lamulo lothandiza ndi lakuti wokhala kumbuyo kwenikweni asatalikire kuposa kasanu ndi kamodzi msinkhu wa chithunzi. Chithunzi chotalika 1.3 m chimafikira wa pa mamita pafupifupi 8. N'chifukwa chake TV, ngakhale imadya magetsi ochepa ndipo imaoneka bwino masana, siyikwanira kalasi yonse: ya mainchesi 43 galasi lake ndi lotalika pafupifupi 53 cm, ndiye zolemba zake zimawerengeka mpaka mamita atatu okha.

Kuwala kwa pulojekita kumayezedwa mu ANSI lumens. Ya m'kalasi masana ikhale ya 3,000 kapena kuposa. Tizipulojekita ta m'manja timene pa katoni pamalembedwa manambala akuluakulu popanda mawu akuti ANSI ndi ta usiku m'chipinda chogona. Tchingani mazenera awiri oyandikira khomalo ndi nsalu yakuda kapena makatoni, koma a kumbuyo asiyeni otsegula. Ana ayenera kuona makope awo, ndipo kalasi yotsekedwa konsekonse mu Okutobala, malata atatentha, theka limagona.

Mukalumikiza, kakhaleni pa desiki yomaliza pakona. Chimene simukuchiwerenga inu, mwana wa pamenepo sadzachiwerenganso. Zilembo za pa silaidi zisachepere saizi 28, zakuda pa zoyera. Mu burawuza, Ctrl ndi + zimakulitsa tsamba.

Zovuta zimene zimadya mphindi zambiri ndi zitatu. Pakhoma pakalembedwa No signal, dinani Source kapena Input pa rimoti musankhe khomo limene mwalowetsa waya, kenako pa laputopu dinani batani la Windows pamodzi ndi P musankhe Duplicate. Pakhoma pakaoneka chithunzi chakumbuyo chokha popanda zimene mwatsegula, muli pa Extend, bwererani pa Duplicate. Mawu akapanda kumveka, kumbukirani kuti waya wa VGA, wa mutu wabuluu ndi zomangira ziwiri uja, sunyamula mawu. Wa HDMI umanyamula, koma umawapititsa ku kasipika ka m'pulojekita kamene sikafika ngakhale mzere wachinayi. Gulani sipika yakeyake yolumikiza ndi waya, ndipo muisankhe pa kachizindikiro ka sipika pakona ya laputopu. Mukamagula adaputala, dziwani kuti yochokera ku HDMI kupita ku VGA siyigwira chobwerera.

4. Zonse zikhale pa laputopu, intaneti isakhale m'phunziro

Netiweki ya TNM kapena Airtel imene inali bwino usiku ikhoza kukukanani 10 koloko ana 90 akuyang'ana. Koperani zonse pasadakhale, kenako zimitsani data ndi Wi-Fi, mutsegule chilichonse muone ngati chikuyenda. Chimene simunachiyese data ili yozimitsa, chiwerengeni ngati mulibe.

Zaulere zimene zimagwira popanda intaneti ndi izi. PhET, ya ku University of Colorado Boulder, ili ndi zoyeserera za pa kompyuta za Physics, Chemistry, Biology ndi Masamu. Choyeserera, chimene pa Chingerezi amati simulation, chimasiyana ndi vidiyo chifukwa inu mumasintha kanthu, icho n'kuyankha. Chilichonse mwa zatsopano zake chimakopedwa ngati fayilo imodzi yaing'ono yotseguka mu burawuza. Yambani ndi Circuit Construction Kit: DC, Build an Atom ndi Balancing Chemical Equations. GeoGebra Classic ndi ya magirafu ndi jometiri. Kiwix imatsegula Wikipedia popanda intaneti kuchokera ku mafayilo otchedwa ZIM. Musalimbane ndi Wikipedia yonse ya zithunzi, imene ndi pafupifupi 100 GB, tengani mafayilo a phunziro limodzilimodzi. VLC imasewera vidiyo ya mtundu uliwonse.

Musanalumikize laputopu ku hotspot ya foni yanu, lowani mu Settings, pa Network, muike Wi-Fi imeneyo kukhala Metered connection. Mukapanda kutero Windows iyamba kudzikopera zake mwakachetechete, bandulo ya mwezi n'kutha masana amodzi. Mafayilo akuluakulu akopedwe kamodzi ndi munthu mmodzi, masukulu a mu kilasitala yanu agawane.

Pogawana paja ndi pamene pamalowera matenda. Fulashi yozungulira m'malo otaipitsa ndi obenetsa nyimbo imabwera ndi vairasi imene imabisa mafoda n'kuika timashotikati m'malo mwake. Musadine timashotikatito. Sikanani fulashiyo ndi Windows Security, kenako tsegulani Command Prompt mulembe attrib -h -r -s /s /d E:\*.* ndipo m'malo mwa E muike chilembo cha fulashi yanu. Mafoda abwerera. Sukulu ikhale ndi fulashi yakeyake yosatuluka pa geti.

Sanjani mafoda motsatira silabasi: phunziro, fomu, mutu. Zambiri mwa zinthu izi zinapangidwira masukulu a ku America ndi ku Ulaya, choncho yerekezani ndi silabasi ya ku Malawi Institute of Education. Kumene mawu kapena zizindikiro zasiyana, mwana aphunzire zimene adzakumane nazo pa pepala la MANEB.

5. Phunziro lenilenilo: alosere, aone, afotokoze

Apa ndiye ambiri amagwa. Mwana woyang'ana chithunzi choyenda amamva ngati wamvetsa, ndipo mukafunsa kuti "Mwamva?" kalasi yonse iyankha "Eee" mwamphamvu kuposa masiku onse. Koma maso aona, mutu sunagwire ntchito. Maganizo olakwika amene anabwera nawo akadali momwemo, chifukwa palibe chawagwedeza. Mankhwala ake ndi amodzi: musaonetse chotsatira chilichonse mwana asanalembe chimene akuganiza kuti chichitika. Munthu amene wadziika pa yankho amayang'ana mwina, amafuna aone ngati walondola.

Nali phunziro la mphindi 40 la mababu olumikizidwa mu series (motsatizana pa njira imodzi) ndi mu parallel (lililonse pa njira yakeyake), pogwiritsa ntchito Circuit Construction Kit: DC. Ndalitambasula lonse kuti mutengere kamangidwe kake ku phunziro lanu.

Belu lisanalire, zonse zikhale zolumikizidwa ndi zoyaka. Mukalumikiza ana atakhala kale, mphindi 10 zapita. Phunzitsani ophunzira awiri, mtsikana ndi mnyamata, kuti azichita zimenezi pa buleki. Chithunzi chikhale chophimbidwa ndi batani la Blank kapena A/V Mute pa rimoti. Mu PowerPoint chilembo B chimadetsa khoma. Batani limeneli ndi bwenzi lanu lalikulu, chifukwa khoma likamawala palibe amene akumvera inu.

Mphindi 5 zoyamba ndi za pa bolodi. Jambulani batire, babu limodzi ndi amita (choyezera kalenti, magetsi oyenda mu waya) ndi zizindikiro za m'buku, ana ajambule m'makope pamodzi ndi tebulo lopanda kanthu la mizere itatu: babu limodzi, awiri mu series, awiri mu parallel.

Kenako vundukulani chithunzi mumange circuit yomwe mwajambula ija ana akuona. Ikani batire pa 9 V, babu pa 10 ohms. Amita iwerenga 0.90 A. Alembe. Ikani babu lachiwiri pambali koma musalilumikize. Phimbani chithunzi.

Lembani funso pa bolodi m'Chingerezi, monga lingabwerere pa mayeso: tikalumikiza babu lachiwiri mu series, loyamba lija liwala A kwambiri, B chimodzimodzi, kapena C mochepa? Aliyense alembe chilembo chake ndi bolopeni, osati pensulo, ndi chifukwa chake m'chiganizo chimodzi. Apatseni mphindi imodzi ya zii, popanda kulankhulana. Mukawerenga kufika pa 3, onse pamodzi aonetse zala pa chifuwa: chimodzi ndi A, ziwiri B, zitatu C. Pa chifuwa, osati m'mwamba, kuti asayang'ane kaye zala za mwana wanzeru wa kutsogolo uja. M'masekondi ochepa mwaona maganizo a anthu 90, chinthu chimene kuloza mmodzimmodzi sikungakupatseni.

Zimene mwaonazo ndi zimene zikuuzeni chochita. Ngati pafupifupi onse alondola, onetsani msanga mupitirire, musataye nthawi. Ngati agawikana, musaulule yankho, ngakhale ndi nkhope. Auzeni kuti aliyense apeze woyandikana naye wa yankho losiyana, amukope m'mphindi ziwiri. Apa aloleni atsutsane m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, chilichonse chimene maganizo awo amayendamo, inu mukuyenda pakati pa madesiki kumvetsera zifukwa zawo. Kalasi ichita phokoso, ndipo ndi bwino kuwadziwitsiratu ahedi ndi mphunzitsi wa chipinda choyandikana. Avotenso. Ngati pafupifupi onse alakwa, kukambirana sikuthandiza chifukwa palibe wokopa mnzake, ndiye bwererani pa bolodi mufotokoze kaye musanafunsenso.

Tsopano vundukulani, mulumikize babu lija. Onse awiri awala mochepa, amita igwa kufika pa 0.45 A. Musathamangire kufotokoza. Afunseni alembe kunsi kwa ulosi wawo chimene aona, ndi chifukwa chake, osafufuta zoyamba zija. Itanani awiri awerenge, kenako inu mumange mfundo pa bolodi: 10 kuphatikiza 10 ndi 20 ohms, 9 kugawa ndi 20 ndi 0.45.

Pali ganizo lina limene ana ambiri amalisunga ngakhale atalondola funso loyamba, lakuti babu loyamba limadya kalenti, lachiwiri n'kulandira zotsala. Lisakeni. Funsani kuti amita ikaikidwa babu loyamba lisanafike, pakati pa mababu, ndi kuseri kwa lachiwiri, iwerenga kwambiri pati. Alembe, avote, kenako yendetsani amita malo onse atatu. Paliponse 0.45 A. Mphindi zitatu zimenezi zimaposa tsamba lathunthu la notsi, ndipo ndi chinthu chimene vidiyo yokonzedwa kale singakuchitireni, chifukwa siyidziwa kuti kalasi yanu yasokonekera pati.

Chitaninso chimodzimodzi ndi parallel. Ambiri alosera kuti mababu agawana kuwala. Aona kuti lililonse likuwala ngati lili lokha, pa 0.90 A, pamene batire likutulutsa 1.80 A. Funsani chomwe chichitike mukachotsa limodzi, mu series ndiponso mu parallel, ndipo adzifotokozere okha chifukwa chake babu la pabalaza likapsa la kuchipinda limayakabe.

Mphindi 8 zomaliza pulojekita izime. Perekani funso la pepala: batire la 12 V, ma resistor awiri a 6 ohms lililonse, apeze kalenti yochokera ku batire mu series ndi mu parallel. Mayankho ndi 1 A ndi 4 A. Tengani makope khumi, osati a okhoza okha: ena a kumbuyo, ena a m'mbali mwa khoma, atsikana ndi anyamata mofanana. Makope amenewo ndiwo akuuzeni poyambira mawa.

Onani kuti m'mphindi 40 zonsezi khoma linawala mwina mphindi 12 zokha. Ndi mmene ziyenera kukhalira. Onaninso kuti ntchito yaikulu ya kukonzekera sinali pa kompyuta, inali kulemba mafunso atatu aja. Funso labwino lolosera limakhala ndi yankho lolakwika lokopa, limene mukudziwa kuti ana anu amalikhulupirira. Mayankho oterowo muwapeza m'mapepala amene munachonga chaka chatha. Aphunzitsi a sayansi ndi masamu amene anapitako ku maphunziro a SMASSE azindikira kuti mzimu wake ndi womwe uja, mwana achite kanthu, osangomvera.

Vidiyo imatsata lamulo lomwelo. Ioneni nokha kaye yonse, mulembe mphindi zimene mudzaimitsire. Isayende kupitirira mphindi zitatu osaimitsa. Mafunso awiri kapena atatu akhale pa bolodi isanayambe, kuti ana adziwe chosaka. Imitsani chotsatira chisanaoneke, alosere. Chingerezi cha wolankhulayo chikakhala chothamanga, mu VLC lowani pa Playback, Speed, muchepetse liwiro, kapena tsekani mawu onse mufotokoze nokha ndi mawu amene ana anu anazolowera. Njira yachiwiriyi kawirikawiri ndiyo yabwino.

Ndipo pa pulani yanu lembani mzere umodzi wa chimene mudzachite magetsi akazima pa mphindi ya 15: matebulo a manambala aja ali papepala, zojambula zili pa tchati. Kulosera ndi kuvota sizifuna magetsi.

6. Foni yanu ionetse ntchito ya ana

Chinthu champhamvu kwambiri chimene mungaonetse pa khoma si cha ku America, ndi kope la mwana wa m'kalasi momwemo. Pamene akulemba, jambulani mayankho awiri ndi foni, lina lolondola, lina lokhala ndi cholakwa chimene ambiri akuchita. Lumikizani foni ku laputopu ndi waya wa tchaja, musankhe File transfer, mutsegule chithunzicho. Kalasi ichonge pamodzi, ipeze mzere umene zinapotokera. Zimagwira bwino ku Masamu, pa ndime ya chimangirizo cha Chichewa kapena Chingerezi, ndi pa zojambula za Biology. Pemphani mwini kope kaye, bisani dzina, ndipo musasankhe la mwana amene anzake amamuseka kale. Nkhope za ana musazijambule n'kuziponya pa WhatsApp kapena Facebook. Njira yomweyi imakulitsa zinthu zazing'ono: tsamba la chimanga lodyedwa ndi mbozi ku Agriculture, kapena kachigawo ka mapu ku Geography.

7. Mukakhala ndi matabuleti kapena makompyuta angapo

Ikani Kolibri, pulogalamu yaulere ya bungwe la Learning Equality, pa laputopu imodzi kuti ikhale nkhokwe. Ilumikizeni ku rauta, kabokosi kopereka Wi-Fi, ngakhale rautayo ilibe intaneti. Zipangizo zina zilowe pa Wi-Fi yomweyo, ndipo mu burawuza alembe adilesi imene Kolibri ikuonetsa, yooneka ngati 192.168.0.100:8080. Zikakana kulowa, kawirikawiri ndi firewall, mlonda wa Windows pa netiweki, imene yatsekereza, kapena laputopu yagona tulo. Iloleni Kolibri pa firewall, ndipo ikani Sleep pa Never. Rauta ya m'nyumba imayamba kutsamwa zipangizo zambiri zikamakoka vidiyo nthawi imodzi, choncho yesani ndi zonse musanabweretse kalasi.

Musatsegulire ana nkhokwe yonse n'kunena kuti fufuzani. Mutalowa monga coach, akaunti ya mphunzitsi mu Kolibri, sankhani zinthu ziwiri kapena zitatu muzipange phunziro limodzi, ndi pepala la mafunso loti adzaze. Ana asapitirire anayi pa chipangizo chimodzi, ndipo wogwira azisintha mphindi 5 zilizonse inu mukaomba m'manja. Mukazisiya, anyamata awiri ozolowera mafoni agwira piriyodi yonse, atsikana akungolemba. Zipangizo zikachepa, gawani kalasi patatu pa dabo piriyodi ya mphindi 80: gulu lina pa zipangizo, lina ndi inu pa bolodi, lina pa mafunso a m'buku, kusinthana mphindi 25 zilizonse. Za mafoni a ana eni, tsatirani malamulo a sukulu yanu, ndipo musapereke homuweki yofuna foni pamene ena kwawo kulibe.

8. Yezani ngati zikuthandiza

Kusangalala kwa kalasi si umboni. Perekani mafunso asanu mutu usanayambe, omwewo mutu ukatha, ndi ofanana nawo pakapita milungu itatu. Ngati muli ndi masitirimu awiri, yerekezani. Mutu umene sunasinthe kanthu, ubwezereni pa bolodi osadandaula.

Musalole choyeserera chilowe m'malo mwa labotale. Pa MSCE maphunziro a sayansi ali ndi pepala la pulakitiko, ndipo kumeneko mwana adzagwira mawaya enieni, amita ya singano yofuna kuwerenga bwino, ndi mabatire ofooka amene sapereka nambala yoyera ngati ya pa kompyuta. Ngakhale sukulu ili ndi amita ziwiri zokha, aliyense azigwireko mutu usanathe.

9. Kasamalidwe ndi kagawanidwe

Pozimitsa pulojekita ya babu, dinani Power kawiri, mudikire fani isiye kulira, kenako muzule. Kuzula ikadali yotentha kumafupikitsa moyo wa babu, ndipo babu lake ndi lodula komanso losowa. Ikani pa Eco, imene imachepetsa kuwala kwa babu, chipinda chikakhala chamdima mokwanira. Fumbi ndi choko zimatseka sefa ya mpweya, pulojekita n'kumazima yokha kuwala kofiira kwa Temp kukuphethira. Tulutsani sefayo mwezi uliwonse, kawirikawiri kuposa pamenepo nyengo ya fumbi, muikunthe kapena kuipukuta ndi burashi youma. Musafufute bolodi pulojekita ikuyaka pafupi, ndipo musaiike pa nsalu kapena kuiunjikira mabuku m'mbali. Galasi lake lipukuteni ndi kansalu kofewa ka magalasi a m'maso.

Zonse zikhale m'bokosi limodzi: pulojekita, rimoti, waya wa magetsi, wa HDMI ndi wina wapadera, ekisitenshoni, sipika. Mndandanda wake umatidwe pa chivundikiro. Chimene chimasowa si pulojekita, ndi rimoti ndi waya. Manambala a siriyo alembedwe m'buku la katundu wa sukulu, ndipo PTA idziwitsidwe msanga kuti pa bajeti pakhale kandalama ka babu, mawaya ndi batire.

Kiyi asakhale ndi munthu mmodzi amene akapita ku msonkhano ku divishoni zonse zaima. Akhale awiri, ndipo mu sitafu rumu mupachikidwe pepala la sabata lokhala ndi mapiriyodi onse, aliyense alembepo dzina, kalasi ndi mutu pofika Lachisanu. Danga lolembapo mutu wa phunziro musalichotse. Mkulu wa dipatimenti akaona palembedwa "notes", akhale naye pansi mphunzitsiyo, alembe limodzi mafunso atatu olosera, piriyodiyo isanafike.